Zida zoyenera kuika pa laputopu mukamayamba kuphunzira kulemba mapulogalamu

Ophunzira ambiri akangoyamba maphunziro a kulemba mapulogalamu a kompyuta, sabata yoyamba imathera pa kudzaza laputopu. Mnzawo wawapatsa fulashi yodzaza ndi mapulogalamu, wina wawauza kuti popanda Android Studio, pulogalamu yopangira ma app a mafoni a Android, palibe chomwe angaphule, winanso wawaonetsa vidiyo ya pa YouTube yotchula zida 20 zoti aliyense akhale nazo. Pofika Lachisanu laputopu yayamba kulemera, bandulo yatha, koma palibe ngakhale mzere umodzi wa code, malangizo olembera kompyuta, umene walembedwa.

Zofunika zenizeni ndi zochepa: chinenero chimodzi cholembera mapulogalamu, polembera code, terminal, Git, ndi mabuku a chinenerocho oti muziwerenga intaneti ikakhala palibe. Zonsezi ndi zaulere ndipo amakupatsani eniake. Ndatenga Python ndi laputopu ya Windows ngati chitsanzo, chifukwa ndi zomwe oyamba kumene ambiri amakumana nazo. Amene aphunzitsi awo asankha Java kapena C apeza mawu awo kumapeto, koma zina zonsezi zikuwakhudzanso.

Choyamba: idziweni laputopu yanu

Musanatsitse kanthu, tsegulani Settings, pitani pa System, kenako About. Onani zinthu zitatu: RAM, memori yomwe kompyuta imagwiritsa ntchito poyendetsa mapulogalamu, ndi yochuluka bwanji, makinawo ndi a 64-bit kapena 32-bit, ndipo Windows yake ndi iti. Lembani papepala. Ma laputopu ambiri amene timagula ndi ogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo wogulitsa sanena zonse.

Ngati RAM ndi 4 GB, zonse zimene zili munkhani ino, kupatula Android Studio, zigwira ntchito bwinobwino, kungoti musamatsegule masamba ambirimbiri a Chrome nthawi imodzi. Ngati ndi 2 GB, gwiritsani ntchito Thonny m'malo mwa VS Code, monga ndifotokozere patsogolo. Ngati laputopuyo ili ndi Windows 7, dziwani kuti Python kuyambira 3.9 kupita m'tsogolo sikhazikika pamenepo, ndipo VS Code inasiyanso kuthandiza Windows imeneyi mu 2022. Laputopu yotere imapezanso moyo mukaikamo Linux yopepuka ngati Linux Mint ya Xfce kapena Lubuntu m'malo mwa Windows, koma pemphani wina wodziwa akuthandizeni, ndipo muyambe mwakopera mafayilo anu onse pa fulashi.

Pali zinthu ziwiri zazing'ono zoti musinthe tsiku lomwelo. Choyamba ndi cha bandulo. Mukalumikiza laputopu ku hotspot ya foni, Windows imaganiza kuti intanetiyo ndi yopanda malire ndipo imayamba kutsitsa zake mwakachetechete. Pitani ku Settings, Network & Internet, Wi-Fi, dinani dzina la hotspot yanu, ndipo muyatse Metered connection. Chachiwiri, tsegulani File Explorer, pitani pa View, muyatse File name extensions. Windows imabisa mchira wa dzina la fayilo, ndiye munthu amasunga fayilo akuganiza kuti ndi moni.py pamene dzina lake lenileni ndi moni.py.txt, n'kumadabwa chifukwa chake Python sikuiona.

Chachiwiri: foda imodzi ya ntchito, ndi kuzolowera terminal

Pangani foda imodzi momwe code yanu yonse izikhalamo. Ikhale pamalo osavuta, monga C:\ntchito. Musaiike pa Desktop kapena mu Documents, chifukwa pa ma laputopu ambiri malo amenewa ndi olumikizidwa ku OneDrive, yomwe imakweza mafayilo pa intaneti nthawi iliyonse mukasintha kanthu, ndipo data yanu imapita momwemo. Mayina a mafoda ndi mafayilo akhale a zilembo zazing'ono, opanda mpata pakati. Lembani phunziro_1, osati Phunziro Loyamba La Python. Mipata imeneyi imasokoneza malamulo a mu terminal.

Terminal ndi zenera lija lakuda kapena labuluu lomwe ambiri amaliopa. Palibe chachilendo mmenemo. Zomwe mumachita ndi mouse, mmenemo mumachita polemba. Dinani batani la Windows, lembani PowerShell, ndipo mutsegule. Yesani malamulo awa limodzi ndi limodzi, mukudina Enter kumapeto kwa lililonse:

cd C:\ntchito
mkdir phunziro_1
cd phunziro_1
dir
cd ..

Lamulo la cd limakulowetsani mufoda, mkdir limapanga foda yatsopano, dir limaonetsa zomwe zili mufoda yomwe mwaimamo, ndipo cd yotsatana ndi madontho awiri imakubwezani kumbuyo sitepe imodzi. Mukalemba zilembo zoyamba za dzina n'kudina Tab, terminal imamalizitsa yokha. Muvi woloza m'mwamba umabweretsa lamulo lomwe munalemba kale. Pulogalamu ikakana kuima, Ctrl ndi C amaiimitsa.

Khalani pamenepa mphindi zingapo tsiku lililonse mpaka manja azolowere. Mavuto ambiri a mwezi woyamba si a code ayi. Ndi oti munthu waima mufoda ina pamene fayilo yake ili mufoda ina.

Chachitatu: ikani Python

Python inapangidwa ndi Guido van Rossum wa ku Netherlands ndipo inatuluka koyamba mu 1991. Itsitseni pa python.org pokha, osati pa mawebusaiti ena odzaza ndi mabatani obiriwira olembedwa Download. Fayilo yake si yaikulu, ndi ma MB pafupifupi 30. Tengani Python 3. Mukapeza buku kapena vidiyo yomwe ikulemba print popanda mabulaketi, imeneyo ndi ya Python 2, yomwe eniake anasiya kuisamalira pa 1 January 2020. Isiyeni.

Mukatsegula fayilo yoikira, musathamangire kudina Install Now. Pansi pa zenera loyambalo pali kabokosi kolembedwa Add python.exe to PATH. Chongani kabokosi kameneka. PATH ndi mndandanda wa mafoda omwe Windows imafufuzamo mukalemba dzina la pulogalamu mu terminal, ndipo Python ikapanda kulembedwamo, terminal imayankha kuti sikuidziwa ngakhale ili m'kompyutamo. Nthawi zina m'malo moyankha imakutsegulirani Microsoft Store. Mukaona zimenezi ndiye kuti kabokosi kaja kanaiwalika. Njira yachidule ndi kuichotsa Python n'kuiikanso, ulendo uno mutachonga.

Ikamaliza, tsekani PowerShell, mutsegulenso yatsopano, ndipo mulembe:

python --version

Ikayankha ndi nambala yoyamba ndi 3, zatheka. Fayilo yoikira ija musaifufute. Isungeni pa fulashi pamodzi ndi zina zomwe mutsitse, kuti mnzanu wa m'kalasi asawonongenso data pa chinthu chomwecho, komanso kuti tsiku lomwe laputopu idzafune kukonzedwa musadzayambirenso kutsitsa.

Chachinayi: polembera code

Code ndi zilembo wamba, choncho siilembedwa mu Microsoft Word, yomwe imasintha zizindikiro ndi kuwonjezera zake zobisika. Pamafunika editor.

Ambiri masiku ano amagwiritsa ntchito Visual Studio Code, yomwe amangoti VS Code. Ndi ya Microsoft, inatuluka mu 2015, ndi yaulere, ndipo imapezeka pa code.visualstudio.com. Chenjerani ndi dzinali. Palinso pulogalamu ina ya kampani yomweyo yotchedwa Visual Studio, yopanda mawu oti Code, yomwe imadya ma GB angapo ndipo simukuifuna panopa. Poika VS Code, chongani mabokosi olembedwa Open with Code kuti muzitha kutsegula foda mwa kungoidina ndi batani lakumanja la mouse.

Mukaitsegula, chitani izi motsatana. Pitani pa File, Open Folder, musankhe C:\ntchito\phunziro_1. Zolowerani kutsegula foda yonse, osati fayilo imodzi. Kenako dinani chizindikiro cha timabokosi chomwe chili kumanzere, fufuzani Python, ndipo muike extension, kachida kowonjezera pa VS Code, yomwe mwini wake ndi Microsoft. Imeneyi yokha ndi yokwanira. Ma extension osintha mitundu ndi zokongoletsa adikire. Kenako pitaninso pa File muchonge Auto Save. Kwathu kuno magetsi satsanzika pothima, ndipo batire la laputopu yakale silisunga moto nthawi yaitali. Kadontho koyera kakaoneka pambali pa dzina la fayilo pamwamba, ndiye kuti zomwe mwalemba sizinasungidwe. Pomaliza, lowani mu Settings za VS Code, fufuzani mawu oti update, ndipo musinthe Update Mode ikhale manual, kuti izitsitsa zatsopano pokhapokha inu mwafuna.

VS Code ili ndi terminal yake m'kati. Pitani pa Terminal, New Terminal, ndipo itsegukira pansi, itaima kale mufoda yanu.

Ngati laputopu yanu ndi yofooka, kapena VS Code ikukuchulukirani, ikani Thonny kuchokera pa thonny.org. Inapangidwa ndi Aivar Annamaa pa University of Tartu ku Estonia, cholinga chake chili chophunzitsira oyamba kumene. Imabwera ndi Python yake m'kati, ndi yopepuka, ndipo ili ndi zenera loonetsa zomwe variable iliyonse, dzina losungira chinthu mu code, yasunga pamene pulogalamu ikuyenda. Kwa munthu amene sanalembepo code, ine ndimaona kuti Thonny imaphunzitsa bwino kuposa VS Code m'miyezi iwiri yoyamba. Palibe chamanyazi poyambira pamenepo.

Chachisanu: pulogalamu yoyamba, ndi kuwerenga uthenga wa zolakwika

Pangani fayilo yatsopano yotchedwa chimanga.py ndipo mulembe mizere itatu iyi:

mtengo = input("Mtengo wa thumba limodzi: ")
matumba = input("Matumba angati: ")
print(mtengo * matumba)

Mu terminal lembani python chimanga.py n'kudina Enter. Ikafunsa mtengo lembani 500, ikafunsa matumba lembani 3. M'malo mwa yankho, mutuluka mizere ingapo yofiira kapena yoyera yoyamba ndi mawu oti Traceback, ndipo mzere wotsiriza ukhala uwu:

TypeError: can't multiply sequence by non-int of type 'str'

Apa ndi pomwe ambiri amatseka zenera, kapena kujambula sikirini ndi foni n'kutumiza pagulu la WhatsApp la kalasi ndi mawu oti sizikutheka. Imani kaye muwerenge. Uthenga wa Python umawerengedwa kuyambira pansi kukwera m'mwamba. Mzere wotsiriza umanena mtundu wa vuto: apa ukuti mwayesa kuchulukitsa zilembo ndi zilembo zinzake. Pamwamba pake pali dzina la fayilo ndi nambala ya mzere, line 3. Chomwe chachitika ndi choti input imabweretsa chilichonse ngati zilembo, ngakhale mutalemba manambala.

Tsopano konzani mzere wachiwiri wokha ndi int, yomwe imasandutsa zilembo kukhala nambala, ukhale motere:

matumba = int(input("Matumba angati: "))

Yendetsaninso ndi manambala omwe aja. Ulendo uno palibe uthenga wofiira, koma yankho ndi 500500500. Python yabwereza zilembo zoti 500 katatu. Vuto la mtundu uwu ndi loopsa kuposa loyamba lija, chifukwa pulogalamu sikudandaula, ikungopereka yankho labodza molimba mtima. Apa ndi pomwe debugger, chida choimitsira pulogalamu kuti muone zomwe zili m'kati, imagwira ntchito. Mu VS Code, dinani kumanzere kwa nambala ya mzere wachitatu, paoneke kadontho kofiira. Dinani F5, musankhe kuyendetsa fayilo ya Python. Mukayankha mafunso aja, pulogalamu iima pa kadonthoko, ndipo kumanzere muona kuti matumba ndi 3 wopanda kanthu, pamene mtengo ndi '500' wokutidwa ndi tizizindikiro. Tizizindikiro timeneti tikukuuzani kuti zimenezo ndi zilembo. Ikani int pa mzere woyambanso ndipo yankho likhala 1500. Mu Thonny zomwezi zimachitika podina kachizindikiro ka kachilombo n'kumayenda sitepe ndi sitepe.

Ophunzira ambiri amamaliza chaka chathunthu osadinapo F5, n'kumangomwaza print paliponse kuti aone pomwe pasokonekera. Print imathandiza, koma debugger imaonetsa zonse nthawi imodzi, ndipo ili kale m'pulogalamu yomwe mwaika.

Chenjezo laling'ono pa mayina: musatchule fayilo yanu random.py, math.py kapena turtle.py. Mayina amenewa ndi a zida za Python yeniyeniyo, ndipo mukalemba import random, ikhoza kutenga fayilo yanu m'malo mwa yake, n'kutulutsa uthenga wovuta kuumvetsa.

Chachisanu ndi chimodzi: Git

Pa zida zonsezi, chimene chimazengerezedwa kwambiri ndi Git, chonsecho ndi chimene chimapulumutsa ntchito. Tsegulani foda ya wophunzira amene sagwiritsa ntchito Git ndipo mupeza project.py, project2.py, project_final.py, project_final_yeniyeni.py, ndipo mwiniwakeyo sakudziwanso yomwe inkagwira ntchito. Git imasunga mbiri ya kusintha kulikonse m'foda imodzi, ndipo mungathe kubwerera pomwe zinthu zinali bwino. Inalembedwa ndi Linus Torvalds mu 2005 kuti isamalire code ya Linux, yomwe anthu ambirimbiri amalemba pamodzi ali m'maiko osiyanasiyana. Chofunika kudziwa ndi ichi: Git siifuna intaneti. Zonse zimachitikira pa laputopu yanu.

Itsitseni pa git-scm.com. Poika imafunsa mafunso ambiri, ndipo mungathe kungodina Next pa onse kupatula limodzi: ikafunsa za default editor, sankhani Visual Studio Code kapena Notepad m'malo mwa Vim. Vim ndi editor yabwino kwa oizolowera, koma woyamba kumene akalowamo sadziwa potulukira. Mukadzapezeka muli mmenemo mwangozi, dinani Esc, lembani :q! n'kudina Enter.

Kenako idziwitseni Git kuti ndinu ndani. Izi zimachitika kamodzi kokha:

git config --global user.name "Dzina Lanu"
git config --global user.email "imelo yanu"

Tsopano, muli mufoda ya phunziro_1, lembani:

git init
git status
git add chimanga.py
git commit -m "Kuwerengera mtengo wa matumba"

Lamulo la git init limayambitsa mbiri m'fodamo, ndipo limapanga kafoda kobisika kotchedwa .git komwe simuyenera kukakhudza. Git status imakuuzani zomwe zasintha, ndipo ndi lamulo loti muzililemba pafupipafupi, musanachite kanthu komanso mutachita. Git add imasankha mafayilo oti alowe m'mbiri, ndipo git commit imawasunga pamodzi ndi uthenga wanu. Commit ili ngati kumanga thumba la chimanga n'kulembapo tsiku ndi munda womwe chachokera: thumba lililonse likhale lomveka palokha. Uthenga wake unene chomwe mwachita. Mawu ngati update kapena zosintha sadzakuthandizani kanthu pakatha mwezi. Kulemba m'Chichewa palibe vuto ngati ntchitoyo ndi yanu nokha.

Kuti muone phindu lake, yesani izi. Tsegulani chimanga.py, fufutani mzere umodzi, lembanimo zopanda pake, ndipo musunge. Mu terminal lembani git diff. Muona mizere yochotsedwa ili yofiira, yowonjezeredwa ili yobiriwira. Kenako lembani git restore chimanga.py, ndipo fayilo ibwerera momwe inalili pa commit yotsiriza. Git log --oneline imaonetsa mndandanda wa ma commit onse, uliwonse pa mzere wake.

Chizolowezi chabwino ndi kupanga commit nthawi iliyonse kanthu kakang'ono kakagwira ntchito, musanayambe kena. Musadikire kuti ntchito yonse ithe. Za ma branch, merge ndi zina zotero mudzaphunzira mukadzayamba kugwira ntchito ndi anzanu. Panopa malamulo awa ndi okwanira kwa miyezi ingapo.

Chachisanu ndi chiwiri: GitHub

Git ndi GitHub si chinthu chimodzi. GitHub ndi webusaiti yomwe imasunga kope ya foda yanu ya Git pa intaneti. Inayamba mu 2008 ndipo Microsoft inaigula mu 2018. Ubwino wake kwa wophunzira ndi woonekeratu: laputopu ikabedwa mu minibasi kapena hard drive ikafa kutatsala sabata kuti mupereke ntchito, code yanu ilipobe. Komanso mafayilo a code ndi aang'ono kwambiri, moti kuwakweza sikudya data yodandaula nayo.

Tsegulani akaunti pa github.com. Sankhani dzina loti simungachite nalo manyazi pamaso pa olemba ntchito, chifukwa ambiri a iwo amayang'ana pamenepo. Dinani New repository, kutanthauza malo atsopano osungira foda yanu pa GitHub, ipatseni dzina, ndipo musachonge bokosi la README ulendo woyamba uno. Ngati ndi ntchito ya m'kalasi yoti ichongedwe, sankhani Private, kuti wina asakopere n'kukugwetserani m'mlandu nonse awiri. GitHub ikuonetsani malamulo oti mukopere, ndipo ofunika ndi atatu awa:

git remote add origin adiresi_ya_repository_yanu
git branch -M main
git push -u origin main

Kuyambira mu August 2021, GitHub siilolanso kulemba pasiwedi ya akaunti mu terminal popanga push, kutanthauza kukweza ma commit anu ku GitHub. Pa Windows, Git imabwera ndi chida chomwe chimatsegula browser kuti mulowe mu akaunti yanu kamodzi, kenako chimakumbukira. Ulendo wotsatira mudzangolemba git push. GitHub ikakupemphani kuyatsa chitetezo chachiwiri cha pa foni, imakupatsani manambala apadera obwezeretsera akaunti. Alembeni m'kope lomwe silichoka pakhomo. Foni imatayika.

Pasiwedi kapena kiyi iliyonse yachinsinsi isalowe mu commit. Ikalowa imakhalabe m'mbiri ngakhale mutaifufuta mufayilo pambuyo pake.

Amene muli pa sukulu ya ukachenjede yodziwika, kaya ndi MUBAS, UNIMA, Mzuni, MUST kapena ina, fufuzani GitHub Student Developer Pack. Imapereka zida zina zolipira mwaulere kwa ophunzira amene aonetsa umboni woti ali pa sukulu, monga imelo ya sukulu kapena chithunzi cha chiphaso.

Chachisanu ndi chitatu: pip ndi venv

Izi sizifunika sabata yoyamba, koma tsiku lidzafika lomwe phunziro lidzakuuzani kuti muike library, kutanthauza code yomwe ena analemba kale kuti inu mungogwiritsa ntchito. Chida choikira ndi pip, ndipo chimabwera ndi Python. Vuto ndi loti mukamangoika chilichonse pamalo amodzi, ntchito ina imadzafuna library yakale pamene ina ikufuna yatsopano, n'kuyamba kulimbana. Choncho ntchito iliyonse ikhale ndi malo akeake:

python -m venv .venv
.venv\Scripts\activate
pip install requests
pip freeze > requirements.txt

Mzere woyamba umapanga malowo, wachiwiri umawayatsa, ndipo muona mawu oti .venv kumayambiriro kwa mzere wa terminal. PowerShell ikakana mzere wachiwiri n'kunena za execution policy, tsegulani Command Prompt m'malo mwake ndipo lamulo lomwelo ligwira ntchito. Mzere wachinayi umalemba mndandanda wa zomwe mwaika, kuti mnzanu adzangolemba pip install -r requirements.txt n'kupeza zofanana ndi zanu.

Foda ya .venv isapite ku GitHub. Pangani fayilo yotchedwa .gitignore, mulembemo .venv pa mzere wake, ndipo Git iziidumpha.

Chachisanu ndi chinayi: mabuku oti muziwerenga popanda intaneti

Tsiku lomwe mwapeza Wi-Fi yabwino, kaya pa sukulu kapena pamalo ena, ligwiritseni ntchito potsitsa zowerenga. Pa docs.python.org pali tsamba la Download pomwe mungatenge mabuku onse a Python ngati mafayilo a HTML otseguka mu browser popanda intaneti. M'kati mwake muli gawo lotchedwa Tutorial, lomwe ndi phunziro lathunthu lolembedwa ndi eni chinenerocho. Palinso pulogalamu yaulere yotchedwa Zeal, yomwe imasunga mabuku a zinenero zambiri pa laputopu ndipo mumafufuza mwa kungolemba dzina la chomwe mukufuna. Ngakhale mu terminal momwemo, mukalemba python n'kudina Enter, kenako help(str), muona zonse zomwe mungachite ndi zilembo. Potuluka pa tsambalo dinani q, ndipo potuluka mu Python lembani exit().

Amene mukufuna kupanga mawebusaiti, chida chanu chachikulu chili kale pa laputopu. Tsegulani tsamba lililonse mu Chrome, Firefox kapena Edge n'kudina F12. Muona HTML ndi CSS ya tsambalo, mungathe kusintha mawu kapena mtundu n'kuona zotsatira pomwepo, ndipo gawo la Console limaonetsa zolakwika za JavaScript. Zowerenga zodalirika pa nkhaniyi ndi MDN Web Docs ya Mozilla.

Mukasowa yankho m'mabuku, koperani mzere wotsiriza wa uthenga wa vuto uja n'kuufufuza pa Google momwe ulili. Kawirikawiri mupeza kuti wina anafunsa kale pa Stack Overflow, yomwe yakhalapo kuyambira 2008. Zida za AI monga ChatGPT zimathandiza kufotokoza uthenga womwe simukuumvetsa, ndipo pamenepo zigwiritseni ntchito. Koma musazipatse ntchito ya m'kalasi kuti zikulembereni. Pa mayeso mudzakhala nokha ndi pepala, ndipo code yomwe simungaifotokoze mzere ndi mzere simungathenso kuikonza ikadzasweka.

Za mapulogalamu obedwa, aja amati ma crack, ndingonena mwachidule: palibe chida chilichonse munkhani ino chofuna crack, ndipo mafayilo amenewa ndi njira yodziwika yolowetsera mavairasi oba mapasiwedi.

Ngati mulibe laputopu

Foni ya Android ikhoza kukuyambitsani. Ikani app yotchedwa Termux kuchokera pa F-Droid, sitolo ya ma app aulere a Android, ndipo mukaitsegula lembani pkg update, kenako pkg install python git nano. Mukhala ndi terminal ya Linux, Python ndi Git m'thumba, ndipo malamulo a terminal ndi a Git omwe ali pamwambawa agwira ntchito, kungoti m'malo mwa dir muzilemba ls, ndipo chida cha pa Windows chija cholowera mu GitHub mulibe. Nano ndi editor yaing'ono: nano chimanga.py imatsegula fayilo, Ctrl ndi O amasunga, Ctrl ndi X amatulutsa. Pydroid 3 ndi yosavutirapo kwa amene terminal ikuwavutabe. Kulemba code pa sikirini ya foni n'kotopetsa, ndiye ngati mungapeze kiyibodi ya USB ndi kachingwe ka OTG, zinthu zimapepukirako kwambiri. Mukapanga push kuchokera pa foni, mungathe kukapitiriza ntchito yomweyo pa kompyuta ya mu labu ya sukulu mwa kulemba git clone yotsatana ndi adiresi ya repository yanu.

Kwa a Java ndi C

Ngati kalasi yanu ikuphunzitsa Java, m'malo mwa Python ikani JDK, zida zolembera ndi kuyendetsera Java. Eclipse Temurin ya pa adoptium.net ndi yaulere, ndipo muitsimikize polemba java -version ndi javac -version mu terminal. Onse awiri ayankhe, chifukwa javac ndi amene amasandutsa code yanu kuti iyende. Ngati ndi C kapena C++, njira yosavuta pa Windows ndi Code::Blocks, koma potsitsa sankhani fayilo yomwe dzina lake lili ndi mawu oti mingw. Inayo ilibe compiler, chida chosandutsa code kuti iyende, ndipo mukadina Build sipachitika kanthu kupatula uthenga woti compiler sinapezeke. Android Studio imafuna RAM yosachepera 8 GB, choncho pa laputopu ya 4 GB idikire mpaka mutadziwa bwino Java kapena Kotlin komanso mutapeza makina oikwanitsa.